Abale Awiri M'sitolo ya Nsanjika Zinayi

Sitolo ija inali ya nsanjika zinayi, ndipo aliyense wolembedwa ntchito mmenemo ankayambira pansi. Pansi penipeni panali nsalu, ulusi ndi mabatani. Pamwamba pake panali nsapato ndi zovala zosokeratu, kenako ziwiya za kukhitchini, ndipo pamwamba pa zonse panali mipando, mabedi ndi ofesi ya manijala. Ine ndinakhala zaka zambiri m'kachipinda ka kunsi kwa masitepe, ndikufupikitsa mathalauza amene makasitomala agula ali aatali, choncho onse amene anakwera m'sitolo imeneyo anadutsa pamutu panga.

Mwa onsewo, amene sachoka m'maso mwanga ndi mtsikana wina amene anabwera atangomaliza sukulu, wowonda ngati bango, atavala nsapato zobwereka. Anabwera naye ndi mayi a pakauntala ya nsalu, amene tonse tinkawatcha Mayi Sizasi chifukwa sizasi yawo inkalendewera pachingwe m'chiuno kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Iwo anauza kapitawo kuti mtsikanayo ndi mwana wa anansi awo, wamasiye, wamutu wabwino. Za umasiye ndi za mutu zinali zoona. Koma sanali mwana wa anansi. Anali mng'ono wawo wa bere limodzi, amene anamulera okha makolo atatsikira kuli chete.

Bodza limeneli linali ndi chifukwa chake. Pachitseko cha kumbuyo, cholowera antchito, panali pomatidwa lamulo la eni sitolo lakuti abale awiri sagwira ntchito m'nyumba imodzi, pakuti m'bale amabisa cholakwa cha m'bale wake. Opezeka ankachotsedwa onse awiri tsiku lomwelo. Choncho anapangana kuti kunyumba mtsikanayo aziti achemwali monga mwa nthawi zonse, koma akangoponda pakhomo la sitolo aziti Mayi. M'mawa ankakwera basi imodzi, mkulu n'kutsika pasiteji yoyamba, mng'ono pa yotsatira, kuti asafike pamodzi. Pankhomaliro ankakhala matebulo osiyana. Anaganiza kuti zimenezi zikhala za chaka chimodzi kapena ziwiri, mpaka mtsikanayo atapeza kwina. Zinakhala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

Ntchito anaiphunzira kwa akulu akewo. Anamuphunzitsa kukulunga mpukutu wa nsalu osasiya khwinya, kudula motsata ulusi, ndiponso kuti munthu akalowa usamufunse chimene akufuna, pakuti ambiri sadziwa. Uzimufunsa kumene akupita. Wopita ku ukwati, wopita kumaliro ndi wokayamba ntchito yatsopano amagwira nsalu mosiyana. Akalakwitsa ankamukalipira pamaso pa anthu kuposa atsikana ena onse, kuti wina asaganize kanthu, ndipo madzulo m'basi ankamupatsa switi mwakachetechete ngati mwana.

Patapita zaka zitatu anamukweza kupita ku nsapato. Kumeneko anagwada zaka zinayi, ndipo ankatiseketsa kuti nkhope za anthu a m'tauni sazidziwa koma mapazi awo angawazindikire ngakhale pagulu. Ndiye amene anaona kuti nsapato za ana a sukulu zikamaikidwa kumbuyo, amayi amatopa asanazipeze n'kupita kwina. Anazisuntha yekha n'kuziika pafupi ndi masitepe. Kapitawo anamuzazira, koma mwezi usanathe shelefu imeneyo inkadzazidwa kawiri pa sabata, ndipo manijala anafunsa kuti anasuntha ndani. Anayamba maphunziro a pakalata, akumawerenga nthawi ya nkhomaliro bukhu lili pamiyendo. Ku ziwiya anapita ali kapitawo. Dalaivala wina wa lole yoperekera mabedi anamufunsira mpaka katatu, iye n'kumangoti adikire nyengo ya malonda ambiri ithe. Nyengo zimenezo sizitha, ndipo dalaivalayo anakwatira wina.

Mayi Sizasi sanachoke pansi. Kawiri konse anafunsidwa kuti akhale kapitawo wa nsalu, iwo n'kukana, akumati masitepe amawapweteka mawondo. Chenicheni chinali chakuti makapitawo ankakhala pamsonkhano umodzi Lolemba lililonse, ndipo ankaopa kuti anthu akawaona atakhala moyandikana ndi mng'ono wawo aona kufanana kwa nkhope.

Pamene mtsikana uja anafika pokhala wachiwiri kwa manijala, imvi zinali zitayamba kumera m'mbali mwa mutu wake, ndipo maso a akulu ake anali atayamba kuchita ng'ala. Manja okha ndiwo ankaona. Ankazindikira nsalu iliyonse poisisita, ndipo kudula kwawo kunali kowongoka monga kale, koma mitundu inkawasokoneza. Tsiku lina anadulira mayi wofedwa nsalu yobiriwira kwambiri akuyesa yakuda. Kuchokera pamenepo atsikana a pakauntala anayamba kusanja mipukutu mwadongosolo losasintha, yakuda kumanzere, yoyera kumanja, ndipo kasitomala akaloza, mmodzi ankatchula mtunduwo mokweza ngati akungocheza. Panalibe amene anauza mnzake kuti tizichita chonchi. Zinangoyamba.

Kenaka manijala wakale anafika popuma, ndipo kunamveka kuti bwana wina wochokera kulikulu akubwera kudzayendera sitolo ndi kuona ngati wachiwiriyo angaiyendetse. Akapanda kukhutira, abweretsa munthu wakunja.

M'sitolo imeneyo munali chizolowezi. Kukamabwera alendo a kulikulu, chilichonse chopunduka chinkachotsedwa pamaso: mbale yobenthuka, mpando wogwedera, chidole cha pazenera chothyoka chala. Zonse zinkapita m'chipinda china chakumbuyo pansanjika yachitatu, chopanda zenera, chimene ife tinkachitcha kuchipatala. Alendo akapita, zina zinkabwerera pamalo ake.

Wachiwiriyo anayendayenda sabata yonse, akuloza chakuti chichoke, chakuti chipukutidwe. Nthawi iliyonse akatsika pansi ankaima patali n'kumayang'ana akulu ake akupapasa mipukutu. Ankadziwa kuti mlendo wa maso akuthwa adzaona m'kamphindi, ndipo wantchito wosaona ankachotsedwa mosanyengerera. Ankadziwanso kuti funso lotsatira lidzakhala lakuti wachiwiri wamtundu wanji amene sanaone zimenezi zaka ziwiri zathunthu. Kuti mwa mantha awiriwa aakulu anali ati, mwina ngakhale mwini wakeyo sankadziwa.

Kunyumba sananene kanthu. Anadikira mpaka tsiku lomaliza masana, n'kuwaimitsa pamasitepe akumbuyo, pamwamba penipeni pa kachipinda kanga. Anawauza ndi mawu a ntchito kuti mawa asakhale pakauntala, akathandize kukulunga makapu m'mapepala pansanjika yachitatu. Mayi Sizasi anafunsa kuti chipinda chiti. Iye anatchula.

Ine ndinaimitsa makina anga.

"Kodi ine ndabenthuka pati?" anafunsa Mayi Sizasi motsitsa mawu.

"Ndi tsiku limodzi lokha, Mayi."

"Chabwino. Mwanena ndinu."

Mlendoyo anafika m'mawa mwake, bambo wamfupi wa magalasi, wosakonda kulankhula. Anayendera nsanjika zonse, akusisita mashelefu ndi chala, akufunsa atsikana mafunso. Zonse zinali bwino. Koma chimene sitinkadziwa n'chakuti bamboyo nayenso anayambira pansi m'sitolo ngati yomweyi, akunyamula makatoni. Atafika pansanjika yachitatu anamwetulira n'kunena kuti zoyalidwa waziona, tsopano amuonetse kumene abisa odwala.

Kapitawo wa ziwiya, amene anali pomwepo, ndiye anatifotokozera zotsatira. Chitseko chitatsegulidwa, anapeza Mayi Sizasi atakhala pa bokosi pakati pa mipando yothyoka ndi zidole zopanda manja, yunifomu yawo yositidwa bwino, sizasi ili m'chiuno, akukulunga kapu mosamala ngati dzira. Mlendoyo anafunsa kuti mayiwa ndani ndipo akutani muno.

Wachiwiriyo akanatha kunena kuti awa ndi amene anaphunzitsa theka la sitolo ino kugwira nsalu. Akanatha kunena zambiri. Chimene chinatuluka m'kamwa mwake n'chakuti ndi wantchito wina wakale, wokalamba, amene amupatsa ntchito yopepuka chifukwa akupuma posachedwa.

Mayi Sizasi anaika kapu pansi, anaimirira, napinda mawondo mwaulemu.

"Ndi zoona, bwana. Ndikupuma kutha kwa mwezi uno."

Za kupuma panalibe amene anazilankhulapo ndi kale lonse. Mlendoyo anagwedeza mutu mokondwa, nayamikira wachiwiriyo kuti amadziwa kusamalira okalamba. Patatha sabata ziwiri kalata inabwera. Mtsikana wa nsapato zobwereka uja anakhala manijala wa sitolo yonse, mkazi woyamba kukhala mu ofesi yapamwamba ija.

Mwezi utatha Mayi Sizasi anamasula sizasi m'chiuno n'kuisiya pakauntala. Tinawagulira bulangeti, ndipo manijala watsopano anawerenga mawu othokoza olembedwa papepala, maso osachoka papepalapo. Sabata yomweyo anasamuka m'nyumba imene ankakhala ndi mng'ono wawo, n'kupita kwa mwana wawo wamkazi kutsidya lina la tauni. Anati kumeneko kulibe masitepe.

Manijalayo ankapitako Lamlungu lililonse, atanyamula sopo, shuga ndi mankhwala a m'maso. Ankalandiridwa bwino. Ankamupatsa mpando wa alendo, tiyi m'kapu ya alendo, ndipo akulu akewo ankauza zidzukulu kuti zisachite phokoso, kwabwera abwana. Poyamba ankayesa kuti ndi nthabwala, naseka. Koma Lamlungu linatsatana ndi Lamlungu, ndipo dzina lake la paubwana sanalimvenso.

Tsiku lina, ali awiri okha pakhonde, anatsika pampando n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Anawauza kuti ankaopa, kuti bambo uja akanawaona akupapasa nsalu akanawachotsa ngati galu. Iwo anamvetsera mpaka anamaliza.

"Zimenezo ndinazidziwa tsiku lomwelo," anatero. "Ukanandiuza kunyumba, tikutsuka mbale, ndikanapita m'chipinda chija ndikuimba nyimbo. Unasankha kundiuza pamasitepe."

"Achemwali, ndikhululukireni."

"Ndinakhululuka kale. Khalani pampando, abwana, mudetsa zovala."

Anali manijala wabwino, izi ndinene. Ndiye anaika timipando kuseri kwa makauntala kuti oimirira tsiku lonse azipumitsa miyendo. Anakonza zoti dokotala wa maso azibwera kamodzi pachaka kudzaona antchito onse. Chipinda chija anachiboolera zenera, ndipo analetsa kubisa katundu alendo akamabwera. Atsikana amene anawaphunzitsa ena anadzayendetsa masitolo m'matauni ena. Koma pepala la lamulo la abale analisiya pachitseko, pakuti silinali lake kulichotsa, ndipo ankaopa kuti akalifunsa kulikulu afunsidwa chifukwa chake.

Mayi Sizasi anakhala zaka zinayi atapuma. Uthenga wa imfa yawo unafika Lachinayi m'mawa, zitseko zisanatsegulidwe, nthawi imene tonse tinkaima pamzere pansi paja kuti manijala aone yunifomu ndi zikhadabo. Malamulo a sitolo ankati wantchito wakale akamwalira, manijala amatumiza nkhata ya maluwa ndi anthu awiri. Masiku opita kumaliro ankaperekedwa kwa m'bale yekha.

Manijala anatsika masitepe pang'onopang'ono, makiyi ali m'manja. Anaima patsogolo pathu, pafupi ndi kauntala ya nsalu, ndipo anatiuza kuti Mayi Sizasi atisiya mbandakucha. Atsikana ena anayamba kusisima. Iye anakweza dzanja kuti sanamalize.

"Pali chimene ndakubisirani nonse kuyambira tsiku limene ndinalowa muno. Malemuwa anali achemwali anga. Mayi mmodzi, bambo mmodzi. Ndiwo anandilera. Amene akufuna kukanena kulikulu akanene, ine ndikupita kukaika m'bale wanga."

Kenaka bambo wa ku nsapato, amene analowa ntchito chaka chimodzi ndi iye, anakanda kumutu n'kunena motsitsa kuti, "Abwana, zimenezo timazidziwa."

Manijala anamuyang'ana ngati sanamve.

Bamboyo anapitiriza kuti anadziwa sabata yoyamba. Makutu anali amodzi, kayendedwe kamodzi, ndipo onse awiri akakwiya ankayamba atsokomola. Wina anawonjeza kuti mlonda wa pachipata ankawaona akutsika basi imodzi masiteji osiyana, n'kumaseka yekha. Kapitawo wa ziwiya anati ngakhale manijala wakale uja ankadziwa, ndipo ananenapo kuti lamulo ndi la kulikulu, iye sanalembedwe ntchito yoyeza makutu a anthu.

Manijala anayang'ana nkhope zathu mmodzimmodzi, mpaka anafika pa ine, amene ndinali wamkulu pa onse.

"Inunso?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Nanga bwanji simunanene? Zaka zonsezi?"

Ndinamuuza zoona, kuti tinkaona ngati si zathu zonena. Tinkayesa kuti tikumusungira ntchito. Tinkadikira kuti tsiku lina anene yekha.

Anatsamira kauntala ndi manja onse awiri, mutu uli pansi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali. Kunja makasitomala anali atayamba kusonkhana, ena akusuzumira pagalasi. Panalibe wa ife amene anasuntha. Potsiriza anaweramuka, anapukuta nkhope ndi chikhatho, napereka makiyi kwa wachiwiri wake, n'kumuuza kuti nthawi yakwana, atsegule.

Ine ndinatenga chikwama changa n'kumutsatira. Pamsewu anandigwira mkono ngati mwana wotayika pamsika, ndipo tinayenda choncho mpaka pasiteji.