Mpira Umene Ndinamanga pa Makina a Ababa

Ndikamva fungo la kapinga wongotchetchedwa kumene litasakanikirana ndi utsi wa petulo, miyendo yanga imalema ngakhale ndili chikhalire. Ndimaona msewu wamatope wochokera kwathu ku Nancholi, m'mawa nkhungu isanachoke pamapiri, ababa ali patsogolo akukankha makina awo otchetchera kapinga, timawilo take tinayi tikugogoda pamiyala, chigubu cha petulo atachimangirira kuchogwirira ndi mpira wa chubu cha njinga. Ine ndili m'mbuyo, nditasenza thumba la zida ndi tsache, ndikuyasamula. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, mwana woyamba m'banja la ana anayi, ndipo tchuthi chachikulu cha Disembala chaka chimenecho sindinachione n'komwe. Anzanga ankatsala akuponya fulaye ndi kutola phada pabwalo la kwathu, ine ndikuyenda mtunda kupita ku Naperi kukatola miyala m'mayadi a anthu.

Ababa anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale ina ku Ginnery Corner, kunyamula mabelo. Matipate atabwera tinavina nawo monga aliyense, koma sipanatenge nthawi mafakitale anayamba kusintha eni, ena kutsekedwa, ndipo ababa anabwera kunyumba tsiku lina masana ndi kalata yowachotsa ntchito m'thumba. Makinawo anawagula kwa mmwenye wina wa ku Limbe amene ankasamukira kunja. Makinawo anali ofiira kale, koma utoto unali utasuluka n'kutsala ngati wa chitini cha tomato chimene chagonera pamvula. Anthu a m'dera lathu anaseka mpaka kugwira nthiti: munthu amene pakhomo pake ndi posesa, popanda ngakhale tsinde limodzi la kapinga, wagula makina a kapinga! Ababa ankangopitiriza zawo. Ankadziwa kuti ku Naperi, ku Sunnyside ndi ku Namiwawa kuli anthu a m'maofesi amene mvula ikagwa kawiri yadi imawachititsa manyazi, ndipo safuna chikwakwa chifukwa chimasiya kapinga ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha. Kuyambira pamenepo tonse asanu ndi mmodzi tinkadya za makina amenewo.

Malamulo awo pamakinawo ankaposa a Mose. Oyilo ankamuyang'ana m'mawa uliwonse, kupukuta kandodo koyezera pasanza n'kukalowetsanso, ngati sakhulupirira zimene aona koyamba. Petulo sankathira injini ili yotentha. Tinkakhala pansi pamtengo kudikira kuti izizire, ngakhale mitambo ikuda kale cha ku Mpemba. Kapinga wamame sankamukhudza. Jombo sankavula ngakhale kutenthe bwanji. Akafuna kupala udzu umene wamatirira kunsi, ankayamba azula kachipewa ka pulagi n'kukapachika patali, kenako n'kupendeketsa makinawo mbali imodzi yokhayokha, kuti oyilo asalowe m'siponji yosefa mpweya. Loweruka madzulo ankamasula mpeni wa kunsi kwa makina, kuunola ndi tupa, n'kuukoleka pamsomali wapakhoma kuti aone ngati mbali ina yalemera. Pamalo otsetsereka ankayenda chopingasa, osati kukwera ndi kutsika. Amayi ankawanyogodola kuti makinawo ndiye mkazi wamkulu pakhomopo, iwo ndi wachiwiri, ndipo kunena zoona nanenso malamulowo ankanditopetsa.

Ntchito yanga inali yoyenda patsogolo makina asanalizidwe. Ndinkayenda chowerama mzere ndi mzere, kutola miyala, mafupa amene agalu asiya, mawaya, zitsekerero za mabotolo, nthangala za mango. Mpeni uja ukapeza mwala umauponya ngati legeni, ndipo ababa ankati zenera la bwana lili ndi mtengo wake koma diso la munthu saligulitsa m'sitolo. Ndikamaliza ndinkaima kutali, kuseri kwa mtengo, mpaka injini itazima. Kenako kusesa, kuwola, kukataya kudzala. Msana unkauma, zala zinkanunkha mango owola ndi ndowe za agalu, ndipo kapinga ankandiyabwa m'miyendo mpaka kunyumba. Ana a m'nyumbazo ankandiyang'ana pazenera akudya buledi wopaka majarini. Sindinganame kuti ndinkasangalala kuthandiza makolo. Ndinkadana nayo ntchitoyo, ndipo masiku ena ndinkapemphera kuti mvula iyambe m'mawa kuti tisapite.

Chimene chinkandiopsa chinali phewa la ababa. Mabelo a ku fakitale anali atalidya kale phewa lamanja, ndipo makina athu anali okalamba, osalira msanga. Kuti alire pankafunika kukoka chingwe kakhumi, nthawi zina kupitirira, ndipo kukoka kulikonse ababa ankaluma mano. Pamwamba pachogwirira panali kachitsulo kopindika kamene iwo ankakatcha buleki. Ukakapanikiza pamodzi ndi chogwirira injini imalira, ukangokasiya imazima pomwepo, mpeni n'kuima. Ndiye tangoganizani: nthambi yagwa panjira, asiye buleki, injini zii, akokenso chingwe. Payipi ya madzi yapingasa, asiyenso, akokenso. Tsiku limodzi ankakoka mwina kambirimbiri kuposa mabelo amene ankanyamula kale. Pofika pakati pa Disembala sankathanso kuvala malaya okha m'mawa. Amayi ankawathowa ndi kansalu ka madzi otentha, n'kuwalowetsa mkono m'malaya ngati mwana. Tsiku lina ndinawamva amayi akuuza mng'ono wawo kuseri kwa nyumba kuti phewa limenelo likangokana, basi, tonse tikwera basi ya ku Thyolo kukakhala kwa amalume, sukulu ya m'tauni ithere pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana phewalo kuposa nkhope yawo.

M'mbali mwa msewu wopita ku Naperi tinkakumana ndi mnyamata wina wotchetcha panja pa mpanda wa nyumba ina yaikulu. Iye buleki yake anali ataimanga ndi waya, moti ankasiya makina akulira, kupita kukasuntha mwala, kuyatsa ndudu, kubwerera, osakokanso chingwe. Ine ndinaona nzeru. Ababa anangopukusa mutu n'kunena kuti ameneyo watopa nazo zala zake. Mumtima ndinati ababa ndi ouma mutu basi, akufuna avutike mpaka liti pamene njira yapafupi ilipo.

Tsiku lina tinali panyumba ya mayi ena a ku Naperi, a Mvano, ogwira ntchito muofesi m'tauni. Yadi yawo inali yosalala kumaso, koma kuseri inkatsetsereka kulowera kukhwawa. Mvula inali itagwa dzulo lake, ndipo tinadikira mpaka cha m'ma teni kuti kapinga aume pamwamba. Makina anakana. Ababa anakoka, anakoka, anatsuka pulagi, anakokanso, thukuta likutsika m'khosi, mpaka anayesa ndi dzanja lamanzere. Italira injiniyo, nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa. Anatchetcha kumaso konse osasiya buleki ngakhale kamodzi. Atazungulira kuseri anapeza chingwe choyanikapo zovala chitagwa, chitatambalala pakapinga. Chinali cholakwa changa, sindinachione. Anaima, anayang'ana chingwecho, anayang'ana makina, ndipo anachita chimene anali asanachitepo: anandikodola, anaika manja anga pabuleki, n'kundiuza mokweza kuti ndigwire zolimba, ndisasunthe, ndisakankhe.

Makinawo ankanjenjemera mpaka m'mano. Ndili chigwirire choncho, ndikuwaona akukulunga chingwe chija ndi dzanja limodzi, linalo atalipinda pachifuwa, maso anga anagwera pa mpira wa chubu uja umene unkalendewera kuchogwirira. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinaukoka ndi dzanja limodzi, kuuzunguliza katatu pabuleki ndi chogwirira, pakona, m'munsi mwa sanza imene ababa ankakulunga pachogwirira, n'kuumanga mfundo. Ndinatambasula zala pang'ono, injini osazima. Mtima wanga unasefukira. Ndinati ndiwauza tikamaliza, aone okha kuti lero sanakokenso chingwe, andiyamikire. Atabwera analandira chogwirira m'manja mwanga buleki ili yopanikizidwa kale, sanaone kanthu, ndipo ine ndinathamangira kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Akulu anati safunsa anadya phula.

Anayenda mizere itatu chopingasa monga mwa lamulo lawo. Potembenuka kumapeto kwa mzere wachitatu, makina ali kumtunda iwo kumunsi, jombo inaponda pamene madzi a dzulo anali asanaume pansi pakapinga. Anaterereka. Ndinawaona akutaya manja onse awiri m'mwamba, dala, monga munthu amene akudziwa kuti akangosiya zonse ziima. Makina sanaime. Anabwerera m'mbuyo akulira, n'kukwera paphazi lawo lamanzere. Phokoso lake sindidzalilemba. Anawakankha ndi mwendo winawo, makina n'kukatsamira pachitsa cha mgwafa, akulirabe, mpeni ukutafuna dothi. Ndinathamanga, ndinagwira kachipewa ka pulagi n'kuzula monga ndinkawaonera, magetsi anandimenya mpaka m'chigongono, kenako kunali zii.

Ababa anali atakhala pansi, atagwira jombo yong'ambika, magazi akutuluka pakati pazala zawo. Sanakuwe. Anayang'ana chogwirira, anaona mpira uja, kenako anayang'ana ine. Wantchito wa m'nyumbamo anali akubwera chothamanga akuitana anthu. Ababa anadzikhwekhwereza mpaka pamakina, anamasula mfundoyo ndi dzanja lamagazi, n'kuika mpirawo m'thumba la buluku. Anthu atafika n'kufunsa chachitika n'chiyani, anati, "Ndaterereka, n'kuchedwa kusiya buleki." Mawu omwewo anauza mnansi amene anatinyamula pagalimoto yake, anauza anamwino kuchipatala, ndipo anauza amayi.

Zala ziwiri za kuphazi zinatsala ku Naperi. Amayi atatha kulira anayamba kukalipa, ndipo anakalipa mwezi wathunthu. Ankati munthu wa malamulo ambirimbiri, wovutitsa mwana ndi timiyala, n'kulephera chinthu chimodzi chokha, kutambasula zala. Anansi aja amene anaseka pogula makina anabwera kudzazonda, n'kumakasekanso kunjira. Ababa ankangoti, "Zimachitika." Ku Thyolo sitinapite. Amalume anatumiza mwana wawo wamkulu kudzakankha makina mpaka bala litapola, ababa akumutsatira ndi ndodo, kumulangiza atakhala pampando m'mayadi a anthu. Chodabwitsa n'chakuti miyezi iwiri imene anakhala osakoka chingwe phewa lija linapezako bwino, ndipo amayi ankati Mulungu ali ndi njira zake. Ine ndikamva zimenezo ndinkanyamuka n'kutuluka panja.

Ndinayesa kamodzi kokha. Linali Loweruka madzulo, ali pakhonde, phazi lili pampando, akupala pulagi ndi kawaya. Amayi anali kumsika. Ndinagwada pafupi n'kunena kuti, "Ababa, mpira uja..." Sanakweze mutu. Anati, "Anakusiyira makina akulira ndani? Si ine? Mwana sasiyiridwa mpeni. Tandipatsa sipanala." Ndinawapatsa. Nkhaniyo sinatulukenso pakamwa pawo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, patapita zaka zambiri, akuyenda chotsimphina zaka zonsezo.

Lero mayadi ambiri a ku Naperi anawathira simenti kapena anamangamo nyumba za lendi, ndipo otchetcha a masiku ano amayenda ndi makina opachika paphewa, olira ngati njuchi. Ndikaona wina wamanga buleki ndi waya ndimaimitsa ulendo wanga n'kumuuza, ngakhale andiyese wamisala. Kachitsulo kaja sanakaikepo kuti kavutitse munthu. Kalipo chifukwa cha tsiku limodzi lokha limene phazi lidzaterereka, ndipo tsikulo silichenjeza. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma changa chinasiya nkhwali ili bwinobwino n'kukaluma munthu amene ndinkamumvera chisoniyo. Ababa anasankha kutchedwa wosasamala, iwo amene ankasamala kuposa aliyense amene ndamudziwa, kuti mwana wa zaka khumi ndi ziwiri asakule akulozedwa chala kuti ndi uja anadula bambo ake phazi. Ndimawathokoza, koma ndatopa nacho chinthu chimenechi, chifukwa anandichotsera mlandu n'kundisiyira chinsinsi, ndipo sindidziwa cholemera n'chiti.

Amayi akadali moyo, ali kwathu konkuja ku Nancholi. Ana anga akapita kukawaona n'kufunsa za chithunzi cha agogo awo aamuna chimene chili pakhoma, amayi amawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi kuseka kuti agogo anuwo anali munthu wabwino, koma tsiku lina anachita zopusa. Ine ndimakhala pomwepo ndikusenda mbatata, ndipo mpaka lero sindinawauze zoona zake.