Bokosi Langa Anagonamo Wina

Magazi ndinawaona koyamba tikukoka khoka la chilimira ku chilumba cha Mbenji. Ndinatsokomola n'kulavulira m'bwato. Ndinapondapo phazi kuti anzanga asaone.

Ndinabisa miyezi itatu. Thupi linatha, thukuta losaleka, chakudya osachifuna. Asodzi ankanong'onezana kuti ndinalowa ndi kachasu pachilumba, pomwe mowa suloledwa. Mowa ndinkamwadi. Kumpingo kwathu anali atandidula kale chifukwa cha womwewo. Tsiku lomwe ndinagwa pamchenga, anandiwolotsa n'kukandisiya kuchipatala.

Adokotala anati ndi chifuwa chachikulu. "Mwachedwa, bambo, koma tiyesa." Jakisoni m'mawa uliwonse, mapiritsi, phala, kenako kudikira. Makhololo tinkalavulira m'kachitini. M'wodimo simunkamveka nkhani, chifuwa chokhachokha. Bedi likapezeka lopanda munthu sitinkafunsa.

Pafupi nane panagona mkulu wina wochokera kutali, wopanda womudikirira. Sankalankhula. Mphepo ya mu Juni inkamunjenjemeretsa, ndiye ndinamubwereka jekete langa. M'thumba munali khadi langa la chipani. Masiku amenewo khadi sunkalisiya kunyumba. Ndinaiwala kulichotsa.

Anamwalira atavala jeketelo. Omunyamula anapeza khadi, anawerenga dzina, n'kutumiza uthenga kumudzi kuti ndafa. Ine osadziwa kanthu.

Mawa lake masana ndinamva nyimbo ya maliro panja. Mawu a oimbawo ndinawazindikira. Ndinadzikokera pawindo. Panali ngolo ya ng'ombe, pamwamba bokosi latsopano, amayi a mpingo atavala zoyera, mkazi wanga ali pakati pawo atamumanga nsalu m'mimba. Pamtanda wathabwa panali dzina langa.

Ndinagogoda galasi. Nyimbo inaduka. Amayi awiri anathawa. Mkazi wanga anangokhala pansi, kukamwa yasa.

A Chimbalanga, mkulu wa mpingo yemwe anawerenga dzina langa pondidula, analowa okha. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, kuti amve ngati lili lofunda.

"Mwabwereranji? Si munandidula?" ndinatero.

"Tinakudulani pamgonero. Paubale ayi."

Namwino anawauza kuti mtembo wa munthu wa jekete uja ulibe mwini, akauika akaidi. A Chimbalanga anasuzumira panja, pomwe panali bokosi.

"Tabwera kudzatenga m'bale. Ngolo sibwerera yopanda kanthu."

Anamutenga. Anakamuika kumanda kwathu, m'dzenje lomwe anakumbira ine, nyimbo zonse anamuimbira.

Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse amayi aja ankabwera wapansi ndi ufa ndi usipa wouma. Ankagawira wodi yonse, osafunsa kuti uyu amapemphera kuti. Ndinatuluka patatha miyezi iwiri. Mapiritsi ndinamwa kupitirira chaka. Lero ndimakoka chilimira ngati kale. Mowa ndinasiya. Kumgonero anandibwezera. Wotsokomola osasiya apite kuchipatala msanga, asapondepo phazi ngati ine.

Patatha chaka chiikire maliro aja, tsiku lolambula manda, a Chimbalanga anandikodola. Anandionetsa mtumbira uja. Dzina langa pamtanda anali atalipaka laimu, koma mvula inatsuka. Linkawerengeka bwinobwino.

"Mwini wake sitimudziwa," anatero. "Inu munagona naye pafupi. Tilembepo chiyani?"

Ndinayang'ana dothilo. Jekete langa lili pansi pomwepo. Ndinazula udzu womwe unatsala kumutu, ndinanyamula khasu langa, n'kumapita.