Chomera cha Amalume Ndinachipha ndi Madzi

Mpaka pano ndimadzikwiyira. Amalume popita ku Katete anandisiyira chomera chawo chosowa, cha tsinde lotupa ngati chipanda, chotulutsa utomoni woyera ngati mkaka.

"Chikagwetsa masamba mu Juni, osathirira. Chimakhala chagona," anatero.

Masamba atagwa, ine ndi nzeru zanga ndinachimvera chisoni, n'kumachithirira m'mawa ndi madzulo. Chitsiru ine!

Amalume atabwerera kuno ku Natuseko mu Kabwe anadina tsinde lija. Chala chinalowa mkati, fungo la chowola n'kutuluka.

"Ni dothi ya mu Kabwe, amalume, ili na ledi, poizoni ya ku mgodi," ndinanama, ndikukweza mawu ngati wolakwiridwa.

Anapukuta chala pathalauza, osandiyang'ana.

"Iwe, dothi iyi ninachoka nayo ku Katete pa basi."