Nyenyezi Imene Ndinaigenda ku Jeppe

Legeni ija inali ya mphira wa chubu, yonunkha girizi, ndipo ndikukuuzani, inkaponya mwala kuchokera ku Jeppe mpaka ku Randburg. Anandipangira amalume kugalaja kwawo ndili ndi zaka eyiti. Iwo ankati ndi ya makoswe. Ine ndinapeza mdani woposa khoswe.

Inali nyengo yozizira, utsi wa malasha utakuta Joni yense, milomo itang'ambika. Adadi ankagwira ntchito ya gadeni kwa azungu ku Randburg, n'kumabwera Loweruka. Kenako Loweruka linayamba kubwera lokha.

Tsiku lina dzuwa litangolowa, tikuanula zovala padenga la fulati, tinaona kamwezi kowonda ngati chikhadabo, nyenyezi ziwiri zitakakhalira pafupi. Amayi anachotsa pegi kukamwa.

"Yowala kwambiriyo ndi mkazi wa mwezi. Kwathu timatero."

"Nanga inayo?"

"Inayo ndi yakuba. Yangobwera."

Anayankhula ngati akulavula kwinini. Basi, nkhondo inayambira pompo.

Madzulo aliwonse ndinkakwera padenga, thumba la yunifomu litadzaza mabawuti a kugalaja. Ndinaponya mabawuti wani miliyoni. Chabwino, mwina fifite. Bawuti lililonse linkapita ndi fotseki wake. Ovulala anali ambiri: windo la shopu ya mipando, nkhunda imodzi, ndi eriyo ya wailesi ya bambo wina wachizulu amene anandithamangitsa mpaka nsapato zinapsa. Amalume anandikwapula, ine osalira. Msilikali salira.

Aphunzitsi atamva, anaseka mpaka kutsokomola. Anati si nyenyezi n'komwe, ndi mapulaneti, Vinasi ndi Jupita. Amangooneka ngati agundana, koma ali kutalikutali, sadziwana.

Mumtima ndinati, wakuba aliyense amatero.

Panopa sukulu ndamaliza, ndipo ndikuvomera kuti aphunzitsi ankanena zoona. Chimandiwawa ndi mabawuti anga. Ndinawatayira kumwamba, pomwe wofunika kugendedwa, mzimayi amene anatibera adadi, ankatsuka mbale ku Randburg, nyumba yoyandikana ndi gadeni ya adadi. Geti lake ndikulidziwa. Akamandipatsa moni ndimayang'ana mitambo, ndipo ndidzayang'ana mitambo mpaka khosi lidzathyoke.

Koma nthawi imeneyo ndinkapambana. Tsiku ndi tsiku yakubayo inkasuntha, kutsika, kutsika, mpaka madzulo ena inasowa kuseri kwa milu ya mchenga wa mgodi. Ndinatsika masitepe anayianayi.

"Amayi! Ndaithamangitsa! Yapita!"

Ndinawapeza atagwada pansi, akupinda malaya a adadi, jekete, ngakhale burashi yawo ya ndevu (yothyoka chogwirira), kuika zonse mu sutikesi. Amalume anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, kudikira kukatula sutikesiyo ku Randburg.

"Wachita bwino, mwanawe," anatero amayi osadzutsa mutu.

Ine kukondwa. Ndinakhalira sutikesi kuti itsekeke bwino, n'kuwauza amalume kuti akawauze adadi kuti ulendo umenewu asachedweko.