Ana odikira kuti ndiwayambire mawu

Ndithokoze kaye Ambuye amene andidzutsa wamoyo lero, pakuti si mwa nzeru zanga ayi. Abale ndi alongo a m'gulu lathu la mapemphero, ndabwera ndi chondilemera mumtima.

Usiku watha ndinalota ndili m'kalasi mwanga mwa Sitandade 8, ana aja akulemba mayeso sabata yamawayi. Ndinkaphunzitsa sayansi monga mwa masiku onse. Ndinati, "Mbewu imamwa madzi kudzera m'mi...?" Onse pamodzi, "...zu!" Ndinafunsa, "Tili limodzi?" Anayankha "Eee!" mpaka malata ananjenjemera, ine mtima nkukhala pansi.

Ndiye makoma a kalasi anachoka, tinangopezeka tili m'munda wa chimanga, madesiki ali m'mizere. Chimangacho chinali chobiriwira, chachitali kundiposa. Nditagwira phesi limodzi, linangozuka ngati mbewu yomera pathanthwe, lopanda muzu ndi umodzi womwe. Ndinagwira lina, chimodzimodzi.

Kenako panafika bambo wina wovala zoyera, amene nkhope yake sindinaione, atanyamula mapepala a mayeso. Anagawira ana, ine nkundiimika kuseri kwa mpanda wa waya. Ana aja atawerenga funso anatembenukira kwa ine, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti ndiwayambire mawu iwo amalize. Ndinayesa kufuula, koma m'kamwa mwanga munali modzaza choko.

Ndiye Chisomo, mtsikana wofatsa amene amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, anaimirira nati, "Aphunzitsi, madziwo amakwera bwanji kuchoka m'mizu kukafika kumasamba? Inetu ndinkangoyankha nawo poti anzanga akuyankha."

Bambo uja anandifunsa mosakalipa, "Unamutchulapo dzina mwanayu, nkumufunsa payekha? Unamuuzapo kuti afotokoze m'mawu akeake, iwe nkudikira?" Ndinasanthula chaka chonse m'mutu mwanga, tsiku lotero sindinalipeze. Amene ndinkawaloza ndi akutsogolo aja, okweza manja akuliza zala.

Kenako Chisomo anasenza pepala lake losalemba kanthu pamutu, ndipo linasanduka thumba la makala, longa limene mayi ake amagulitsa pamsewu. Anauyamba ulendo osacheuka. Ndinathamanga kuti ndimubweze, waya anandikola malaya, ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu.

Abale, silabasi ndinamaliza, ndipo ndinkayesa kuti ntchito ndagwira. Lero m'mawa Chisomo wandipatsa moni akumwetulira, ine ndalephera kumuyang'ana m'maso. Kodi Ambuye akundionetsa zimene zatha kale, kapena akuti m'masiku ochepa atsalawa mwanayu ndingamupulumutsebe? Nanga wovala zoyera uja ndani? Inu amene munapatsidwa mphatso yomasulira maloto, musandibisire, ngakhale zikhale zowawa.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Ana anu awapatse aphunzitsi odekha, owaitana mmodzimmodzi pa dzina nkudikira yankho lawo. Ameni.