Mphini Zitatu za Rosalie

Ndinaganiza zopita ku Dubai tsiku limene abale a malemu amuna anga anabwera kudzanyamula mashini anga osokera, ine risiti ili m'manja. Risitiyo ndikadali nayo. Ndili nayonso kalata ya ejenti, makontirakiti onse, ndi fotokope ya pasipoti yanga, chifukwa yeniyeniyo madamu a panyumba imene ndinkagwira ntchito anaitsekera m'kabati tsiku lomwe ndinafika ku Al Warqa, dera la mu Dubai momwemo. Ati akundisungira. Munthu waimvi ngati ine, kusungiridwa pasipoti ngati mwana!

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse, ana n'kuyankha kuti, "Zafika amayi." Basi. Sabata inkatha osamva munthu akunditchula kuti NaPhiri. Kumeneko ndinali "yalla, mama", ndiye kuti fulumirani amayi.

Amene ankandichotsa mphwayi anali Josette, nesi wochokera ku chilumba cha Mauritius, amene ankabwera masana kudzasamalira mayi ake a bwana. Tsiku lina ndinavula duku kukhitchini chifukwa cha kutentha. Iye anaima chilili, akuyang'ana mphini zanga zam'mbali mwa maso.

"Mama, anakutemani ndani?"

"Asing'anga, ndili mwana. Mutu unkandivuta."

M'mawa mwake anabwera ndi pepala, fotokope ya tsamba la kaundula wa akapolo a m'minda ya nzimbe kwawoko. Anandiwerengera mzere wa gogo wa agogo ake. Dzina, Rosalie, lopatsidwa ndi mwini munda. Kochokera, Mozambiki, mawu amene ankalembera aliyense wogwidwa kumtunda kwathu kuno. Zizindikiro, mphini zitatu mbali iliyonse ya nkhope. Msinkhu wake anayeza n'kulemba, koma dzina limene mayi ake ankamuitanira, ayi. Ine ndimalemekeza pepala, koma limeneli linandinyansa.

"Mukapita kwanu mukandifunsire," anatero Josette. "Mwina alipo akukumbukira mtsikana amene anasowa."

Ndinamuuza kuti mphini ndi za mitundu yambiri, si zathu zokha. Anaseka. "Inshallah, mama. Mukangofunsa."

Mawondo atayamba kukana masitepe, madamu anati khalas, ndiye kuti basi zatha, n'kundibwezera pasipoti. Ndinafika kwathu ku Ntchisi mvula itayamba. Fungo la dothi lonyowa limene ndinkalilota kuchipululu kuja linalipo ndithu, koma adzukulu ankandibisalira kuseri kwa nkhokwe, akunong'onezana kuti abwera agogo a ku Dubai.

Pepala lija ndinalitengera kwa achimwene anga aakulu, a Lufeyo, amene amadziwa manda onse a mtundu wathu. Anamvetsera akusema mpini, osadzutsa mutu.

"Achemwali, zimenezi zisiyeni."

"Ndizisiye bwanji? Munthu akudikira yankho."

"Otengedwa anali ambiri. Wafa timamuika, timadziwa pamene wagona. Wotengedwa alibe manda, ndiye dzina lake mungalifunse kuti?" Anayamba aika kasemasema pansi. "Komanso mukafufuza amene anapita, mupezanso amene anamusinthanitsa ndi nsalu. Zidzukulu zake mwina ndi zomwe timapemphera nazo Lamulungu. Mwinanso ndife."

Ndinapsa mtima. Ogula analemba, ife otaya mwana tinangokhala chete. Koma pobwerera kunyumba ndinadzifunsa: ine ndikanafera ku Al Warqa, patapita mibadwo iwiri ndani akananditchula? Dzina langa likanatsala m'kabati ya madamu.

Ndinakhala masiku ambiri osamuyankha Josette. Kenako ndinamutumizira uthenga wa mawu. Ndinamuuza zoona, kuti dzina silinapezeke ndipo silidzapezeka. Ndinamuuzanso kuti kwathu munthu sakhala wopanda mfunda, ndipo wanga ndikhoza kugawana ndi Rosalie.

Anayankha akulira, akuyesera kutchula kuti NaPhiri, lilime likumukanika.

Fotokope ija ili m'chikwama pamodzi ndi risiti ya mashini. Pambali pa Rosalie ndinalembapo ndi dzanja langa: NaPhiri, wa ku Ntchisi, sanabwerere.