Galimoto yosanena odi

Mwaswera bwanji nonse.

Kuntchito andiuza ndisankhe galimoto: yaliwiro, yaphokoso, yomwa mafuta ngati chidakwa, kapena yamagetsi yomwe akuti siidyera kampani ndalama zambiri. Lero ndinatenga yamagetsiyo kukaiyesa mpaka kwathu ku Mphunzi.

Ndafika pakhomo, amayi osandimva n'komwe. Amasankha nyemba atafulatira msewu. Pondiona adzidzimuka, nyemba zonse mbwee pansi.

Akuti, "Galimoto yanji yosanena odi? Pikapu ya malemu abambo ako, zaka za matipate zija, ndinkaimva ikadali kutsidya kwa dambo. Pomafika, tiyi atapsa kale, ana nonse muli kumsewu."

Kenaka anaponya maso kudambo komweko.

Ndiye abale, ndisankhe iti? Yamagetsi ndiye yanzeru, ndikudziwa. Koma ine ndikufuna amayi azindimva ndikamabwera.